Mpendadzuwa Ukukanika Kumalo Otentha? Musanabzalenso, Fukulani Phando

Dzina la mbewuyi ndi limene limatipusitsa. Ukamva kuti mpendadzuwa, umangoti ameneyu ndi dzuwa n'pachibale, kutentha sangakuope. Pamenepa choona chilipo, koma n'chatheka. Mpendadzuwa umene wafika m'chiuno, muzu wake utalowa pansi, umapirira dzuwa loti mbewu zina zimapsa nalo. Koma pali nthawi ziwiri pamene mbewuyi imakhala yanthete ngati khanda: masabata awiri oyamba njere ikalowa m'dothi, ndiponso masabata amene duwa likutseguka. Madandaulo ambiri a olima mpendadzuwa kumalo otentha amachokera m'nthawi ziwirizi. Ndipo tikaona zikuvuta, ambirife timathamangira keni yothirira, pamene nthawi zina madziwo ndi amene amatsiriza mbewu.

Ine ndinabzalapo katatu pabedi limodzi m'mwezi umodzi. Ulendo uliwonse ndinkati mbewu ndi yowola, n'kukatenga ina. Ulendo wachitatu m'pamene ndinagwada n'kufukula phando ndi chala dzuwa lili paliwombo. Dothi linandiwotcha chala. Njere ndinaipeza itafufuma, yofewa ngati yowiritsa, ikununkha. Mbewuyo inalibe mlandu. Ndinkaiphika ndekha.

Masiku 10 apita, palibe chamera

M'dothi lofunda bwino mpendadzuwa umatuluka pakati pa masiku 5 ndi 10. Akakwana masiku 10 pali zii, fukulani mapando asanu kapena khumi m'malo osiyanasiyana. Zimene mupeze m'menemo ndizo zikuuzeni chochita.

Mukapeza njere palibe, kapena pangotsala makoko, kutentha sikukukhudzidwa. Amenewo ndi mbewa, mbalame kapena nkhululu. Yalani neti kapena waya wa maso ang'onoang'ono pabedi mpaka mmera utatulutsa masamba anayi.

Mukapeza njere ili gwa, youma monga munaiikira, ndiye kuti chinyezi sichinaifike. Kumalo otentha dothi la pamwamba limauma m'maola ochepa, moti njere yobzalidwa pa sentimita imodzi imakhala m'fumbi tsiku lonse ngakhale mukuthirira m'mawa uliwonse. Chopweteka kwambiri ndi kupeza kamuzu koyera katatuluka kenako n'kuuma. Njere imeneyo inamwa, inadzuka, madzi n'kuduka. Imeneyo siidzadzukanso.

Mukapeza yofufuma ndi yowola ngati yanga ija, vuto ndi kutentha kophatikizana ndi madzi ochuluka. Njere ya mpendadzuwa imamera bwino dothi likakhala pakati pa madigiri 21 ndi 30. Likapitirira 35 kameredwe kamayamba kutsika, ndipo likadutsa 40 njere zambiri zimalephera. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kutentha kolengezedwa pa wailesi kapena pafoni ndi kwa mpweya wa pamthunzi. Tsiku limene akuti madigiri 36, dothi la mchenga losaphimbira limatha kupitirira madigiri 50 pamwamba pake. Ngati muli ndi kachipangizo koyezera kutentha, kazikeni masentimita 5 m'dothi cha m'ma 2 koloko masana. Ngati mulibe, chala chomwecho chikwanira: dothi loti simungasungemo chala si malo ogonekamo njere.

Palinso njere imene imamera bwinobwino koma n'kukanika kubowola. Mukafukula mumapeza kamtengo kachikasu katapindika ngati mbedza, nthawi zina katathyoka pakhosi. Mpendadzuwa umatuluka chokoka timasamba take tiwiri toyamba kuchokera pansi, choncho umafuna dothi lofewa pamwamba. Pa dothi la makande kapena katondo, mukathirira mwamphamvu dzuwa n'kuwomba, pamwamba pamauma ngati phale. Kandani phalelo pang'onopang'ono ndi kamtengo pa tsiku lachinayi kapena lachisanu, kapena linyowetseni pang'ono madzulo kuti lifewe.

Mankhwala a zonsezi ndi amodzi: kuziziritsa dothi la pamwamba ndi kusunga chinyezi pamene pali njere. Thirirani bedi mokwanira tsiku limodzi musanabzale, madzi alowe mpaka kuya kwa chikhatho kapena kuposa. Bzalani madzulo dzuwa litapendeka, kuti njere iyambe kumwa usiku dothi likuzizira. Kuya kwake kukhale masentimita 3 mpaka 4 pa dothi lolemera, masentimita 5 pa mchenga. Kenako phimbirani ndi udzu wouma, wochepa ndithu woti dothi lizionekera apo ndi apo. Udzu wochindikala umatsekereza mmera, ndiponso kumene kuli chiswe umachiitana. Kumene dzuwa ndi laukali zedi, imikani timitengo n'kuyalapo neti ya mthunzi yotchinga magawo 30 mpaka 40 pa 100 alionse a kuwala. Ikatha ntchito yake, pakatha masabata awiri, ichotseni. Mukaisiya, mmera umatalika monyozoloka kufunafuna dzuwa, ndipo kamphepo kakang'ono kamaugwetsa.

Ena amaviika njere m'madzi asanabzale. Zimathandiza kuti ituluke msanga, koma usiku umodzi wokha, maola 8 mpaka 12, ndipo njere yoviikayo iyenera kulowa m'dothi lonyowa. Kuiviika kenako n'kuiika m'fumbi lotentha n'kuiphera dala. Musaiwalenso paipi yogona padzuwa. Madzi oyamba kutuluka m'menemo amakhala otentha moti mukhoza kusambira. Atayireni pambali kaye.

Feteleza asagundane ndi njere m'phando. Mpendadzuwa umapsa msanga ndi mchere wa feteleza, makamaka dothi likamauma. Muikeni masentimita 5 pambali ndi pansi pang'ono.

Nanga ngati mbewuyo ndiyo yolakwa?

Zimachitika, ndipo kuyesa n'kosavuta. Tengani njere 20, zikulungeni m'kansalu konyowa, muike pamalo ozizira m'nyumba, kansaluko kasaume. Pakatha sabata werengani. Zikamera 16 kapena kuposa, mbewu ili bwino, kafufuzeni vuto kudothi. Zikamera zosakwana theka, musavutike nayo.

Njere ya mpendadzuwa ili ndi mafuta ambiri, mitundu ina mpaka magawo 40 kapena 50 pa 100, ndipo njere zamafuta zimafa msanga zikasungidwa motentha ndi monyowa. Paketi imene yakhala pawindo kapena pansi pa denga la malata chaka chonse ikhoza kuoneka yabwinobwino kunjaku koma m'kati munatha kale. Kumbali inayi kuli msampha wina umene umagwira anthu osunga mbewu yawo: njere yongokolola kumene imakhala ili m'tulo. Imafuna kukhala youma miyezi iwiri kapena itatu kuti iyambe kumera bwino, ndipo tulo timeneti timalimba kwambiri dothi likakhala lotentha. Munthu amakolola lero, sabata yamawa n'kubzala, n'kumati mbewu yake ndi yosabereka. Ayi, ingoidikirani.

Wamera, koma mmera ukugwa

Apa pali adani atatu amene ntchito yawo imafanana mukaonera patali. Gwadani muone pakhosi pa mmera, pamene kamtengo kakumana ndi dothi.

Kamtengo kakadulidwa mwaukhondo ngati ndi lumo, mmera uli gone pambali m'mawa, imeneyo ndi mbozi yodula. Imagwira ntchito usiku, masana imabisala. Fukulani mozungulira phandolo masentimita awiri kapena atatu, mupeza chimbozi chotuwa chitadzipinda. Chipheni. Pabedi laling'ono, kuveka mmera kakolala ka katoni kapena ka botolo lodula, kolowa pang'ono m'dothi, kumathetsa nkhaniyi.

Pakhosi pakakhala ponyowa, pakuda kapena pabulauni, pofewa ngati powola, amenewo ndi matenda a chuku cha m'dothi. Amakonda dothi lofunda losauma. Amabwera kwa munthu wothirira katatu patsiku chifukwa cha mantha a dzuwa. Chepetsani madzi, patulirani kuti mpweya uzidutsa, ndipo zogwazo zulani mukataye kutali.

Koma pakhosi pakakhala pouma, popanikizika ngati pamangidwa ulusi, poyera kapena potuwa, muzu pansi uli wabwinobwino, limenelo ndi dzuwa lenilenilo. Dothi lotentha lawotcha kakhungu ka mmera pamene pakhudzana nalo. Ambiri amapopera mankhwala poganiza kuti ndi matenda, koma palibe chimene mankhwala angaphe pamenepo. Chofunika ndi udzu wophimbira ndi kamthunzi ka masana.

Masamba ali lende masana

Ili ndi dandaulo limene limaphetsa mpendadzuwa wambiri wopanda vuto. Masamba ake ndi aakulu, ndipo dzuwa likakwera amataya madzi mofulumira kuposa mmene mizu ingakokere, ngakhale dothi lili lonyowa. Ndiye amafota. Dzuwa likapendeka amadzukanso. Musaweruze mbewuyi masana. Pitani m'mamawa. Mukaipeza ili chilili, masamba atatambasuka, ilibe ludzu. Mukaipeza yofota kunja kusanatenthe, pamenepo pali nkhani, ndipo nkhaniyo ikhoza kukhala mbali ziwiri. Pisani chala kapena kamtengo masentimita 10. Mukapeza mouma, thirirani. Mukapeza matope, mizu ikubanika kapena yayamba kuwola, ndipo madzi ena angoipha.

Kathiriridwe kake kamasintha mbewu ikamakula, ndipo apa m'pamene ambiri timaphonya. Sabata yoyamba ndi yachiwiri, madzi pang'ono kawirikawiri, chifukwa kamuzu kali pamwamba. Ikatulutsa masamba anayi kapena asanu ndi limodzi, yambani kutalikitsa masiku koma muzithira ambiri, alowe pansi. Muzu waukulu wa mpendadzuwa umatha kutsika mita imodzi ndi theka kapena awiri m'dothi lofewa, ndipo mphamvu yake yopirira chilala ili pamenepo. Koma muzu umatsata madzi. Mukamangowaza pamwamba tsiku ndi tsiku, mizu imadzazana pamwamba pomwepo, m'dothi limene limatentha kwambiri, ndipo tsiku limodzi lokha mutachokapo mudzapeza zonse zitagona.

Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, limati mpendadzuwa umafuna madzi apakati pa mamilimita 600 ndi 1,000 pa nyengo yonse, malinga ndi dera ndi kutalika kwa nyengoyo. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa sikweya mita. Kumalo otentha ndi ouma, mbewu yokula ikhoza kumwa malita 7 kapena kuposa pa sikweya mita tsiku limodzi. Keni imodzi yowaza bedi lonse ndi kungonyowetsa fumbi. Thirirani m'mawa, patsinde, osati pamasamba.

Olima m'miphika vuto lawo ndi lowirikiza. Mphika wakuda wapulasitiki woikidwa pasimenti umatentha mpaka mizu yogundana ndi khoma lake kupsa, ndipo mbewu imafota dothi lili lonyowa. Ukulungeni ndi chiguduli kapena katoni, kapena uikeni m'kati mwa mphika wina wokulirapo, ndipo uchotseni pasimenti. Mphika ufune mthunzi, mutu wa mbewu ufune dzuwa. Sankhaninso mitundu yaifupi. Mtundu wotalika mamita atatu sungakhutire m'chitini.

Za kuwokera ndinene mwachidule: mpendadzuwa sukonda. Muzu waukulu ukapindika m'chubu kapena kuduka, mbewuyo imapinimbira moyo wake wonse. Ngati dothi la panja latenthetsa moti mukuyenera kufesa pamthunzi, gwiritsani ntchito machubu ataliatali, ndipo wokerani madzulo mmera usanapitirire masabata awiri, dothi lake losaswa.

Waufupi, wachita duwa msanga, mutu ngati chibakera

Kutentha kumathamangitsa mpendadzuwa. Mtundu umene papaketi alemba kuti umachita maluwa pa masiku 65 kapena 70 ukhoza kuchita sabata imodzi kapena awiri msanga, usanamange thupi. Zikaphatikizana ndi ludzu kapena kuthithikana, mutu umatuluka wochepa. Kukula kwa mutu kumakonzedwa kale mbewu ili yaing'ono, m'masabata oyambirira duwa lisanaoneke n'komwe, moti mukaona kamutu kakang'ono palibenso feteleza amene angakakulitse. Phunziro lake ndi la ulendo wotsatira: patulirani msanga, mmera umodzi paphando, masentimita 25 mpaka 30 pakati pa mapando ndi 75 mpaka 90 pakati pa mizere. Mitundu ikuluikulu ipatseni masentimita 60. Kupatulira kumawawa mtima, makamaka mmera utavuta kumera, koma iwiri paphando imangolandana.

Musabwezere ndi feteleza wambiri wa nayitrojeni. Amakupatsani masamba aakulu omwa madzi ochuluka ndi thunthu lofewa logwa ndi mphepo.

Masamba akamaoneka ngati awazidwa timadontho tachikasu, kenako n'kutuwa, tembenuzani tsamba. Tizilombo tofiira tating'ono ngati fumbi, ndi kaukonde kopyapyala, ndi akangaude ofiira. Nyengo yotentha ndi youma ndiyo yawo. Tsukani kunsi kwa masamba ndi madzi amphamvu m'mawa masiku angapo motsatizana, ndipo masamba ogwidwa kwambiri thotholani.

Pali vuto lina limene limasokoneza anthu chifukwa limaoneka ngati mbozi. Masamba a kunsonga amalimba, amapindika, amasanduka ofiirira ngati mkuwa. Thunthu limang'ambika chopingasa pansi penipeni pa mutu, ngati wina walitema ndi mpeni, mwina mutuwo n'kugweratu. Kumeneko ndi kusowa kwa mchere wa boroni. Mpendadzuwa umaufuna kuposa mbewu zambiri, ndipo vutoli limakula pa dothi la mchenga nthawi yotentha ndi youma, chifukwa boroni amayenda ndi madzi. Nthawi zambiri mcherewo ulimo m'dothi koma mizu ikulephera kuukoka, ndiye kusunga chinyezi ndi kuthira manyowa owola bwino kumakwanira. Mukafuna kuthira boraksi, ufa wokhala ndi boroni, dziwani kuti mlingo wake ndi wochepa modabwitsa, pafupifupi galamu imodzi pa sikweya mita, ndipo mukapyola pang'ono amasanduka poizoni ku mbewu. Si chinthu chowaza ndi dzanja mwachiyerekezo.

Mutu waukulu, njere mphwepwa

Ili ndilo vuto lopweteka kuposa onse, chifukwa umalizindikira kumapeto. Mutu wokongola, wotambalala, koma ukatswanya njere m'kati mulibe kanthu.

Chimene timachitcha duwa limodzi ndi timaluwa mazanamazana, kapena kuposa 1,000 pa mutu waukulu, ndipo kalikonse kamabala njere imodzi. Sititseguka tsiku limodzi. Timayambira m'mphepete kulowera pakati, mizere ingapo patsiku, kwa masiku 5 mpaka 10. Ndiye mutu wouma uli ngati kaundula wa nyengo. Mukapeza njere za m'mphepete zodzaza, kenako mkombero wa mphwepwa, kenako zodzazanso, dziwani kuti masiku amene mkomberowo unkatseguka kunatentha kwambiri, kapena madzi anaduka, kapena njuchi sizinabwere. Mukapeza pakati pokha ndi popanda kanthu, mbewuyo inatopa isanamalize, kawirikawiri chifukwa cha ludzu kapena boroni uja. Mphwepwa zikamwazikana mutu wonse, ganizirani za njuchi poyamba.

Kutentha kopitirira madigiri 35 nthawi ya maluwa kumafooketsa mungu ndipo kumalepheretsa njere kukhazikika. Njuchi nazo zimachepetsa maulendo dzuwa likakwiya. Mungu umatuluka m'mawa, ndiye maola ozizira a m'mawawo ndi amene amabereketsa munda. Pamenepa pali chinthu chokoma kuchidziwa. Mpendadzuwa umatsata dzuwa ukadali waung'ono, koma duwa likayamba kutseguka umaima n'kuyang'ana kum'mawa basi. M'chaka cha 2016 akatswiri a pa University of California, Davis anapeza kuti mitu yoyang'ana kum'mawa imafunda msanga m'mawa ndipo imachezeredwa ndi tizilombo tonyamula mungu kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi imene anaitembenuzira kumadzulo. Choncho musabzale pamene khoma kapena mtengo ukutchinga dzuwa la m'mawa. Mthunzi ukakhala wosapeweka, ukhale wa madzulo, umene kumalo otentha ndi mphatso. Olima m'miphika, musamaitembenuze duwa likatseguka.

Musapopere mankhwala ophera tizilombo duwa lili chitsegukire. Mbozi zikalowa m'mutu, zitoleni ndi manja. Njuchi zikasowa, gwirani ntchito yawo: m'mawa cha m'ma 8 mpaka 10 koloko, sisitani mutu wina ndi kansalu kofewa, mupite nako pa wina, kamodzi pa masiku awiri mpaka timaluwa tapakati titatseguka. Onaninso paketi yanu. Mitundu ina ya maluwa okongoletsa anaipanga dala kuti isamatulutse mungu, ndipo imeneyo payokha singakupatseni njere.

Madzi asaduke kuyambira masiku 20 duwa lisanatseguke mpaka masiku 20 litatseguka. Ngati madzi anu ndi operewera, manani mbewu nthawi ina, osati imeneyi.

Koma chithandizo chenicheni cha mphwepwa chili pakalendala, osati m'munda. Dera lililonse lili ndi masabata ake amene dzuwa limafika pachimake. Adziweni, kenako werengani chobwerera m'mbuyo. Mpendadzuwa umachita duwa pafupifupi masiku 55 mpaka 70 chibzalire. Mukabzala miyezi iwiri chimake cha kutentha chisanafike, mwalunjikitsa duwa pamoto penipeni. Bzalani moti maluwa athe kutentha kusanafike, kapena moti atseguke kutayamba kutsika. Njira yachiwiriyi imakukakamizani kumeretsa njere nthawi yotentha, koma kuika udzu ndi neti pa mmera wa masentimita 5 n'kotheka. Kuika mthunzi pa mbewu yotalika mamita awiri ndi nkhani ina. Ngati simukudziwa bwino nyengo ya kwanuko, bzalani pang'onopang'ono, mzere umodzi masabata awiri alionse, ndipo lembani masiku. Mzere umene udzabereke bwino ndiwo udzakuuzeni tsiku lobzala chaka chamawa.

Ikuuma isanakhwime

Mbewu ikafota mwadzidzidzi maluwa atatha, osadzukanso ngakhale mutathirira, onani tsinde. Likakhala lotuwa ngati phulusa, ling'ambeni. Mukaona m'kati muli timadontho takuda tambirimbiri ngati fumbi la makala, amenewo ndi matenda a chuku chotchedwa Macrophomina, chimene chimakonda dothi lotentha ndi louma ndipo chimagwira mbewu yofooka ndi ludzu. Yogwidwa kale ilibe mankhwala. Izuleni, muitenthe, ndipo pamalopo musabwerezepo mpendadzuwa kwa zaka zitatu kapena zinayi. Soya ndi nyemba nazo zimagwidwa ndi chuku chomwechi, choncho si zolowetsa m'malo mwake.

Kumene kutentha kumabwera ndi chinyezi, mutu umatha kuwola kuyambira kumbuyo, n'kufewa, m'kati n'kumera chuku chotuwa. Chimalowera pa mabala a mbozi, mbalame kapena matalala. Dulani mitu yotere msanga. Mitundu imene mutu wake umawerama ikamakhwima imathandiza pawiri: njere sizipsa ndi dzuwa la paliwombo ngati mmene zimachitira pa mutu woyang'ana kumwamba, ndipo mbalame zimavutika potera.

Mukafuna kuteteza mitu ku mbalame, ivekeni neti kapena nsalu yopyapyala timaluwa titafota. Jumbo ya pulasitiki ayi, mutu umachita thukuta m'menemo n'kuwola. Kumbuyo kwa mutu kukasanduka chikasu, timasamba tozungulira tikuyamba kuda, njere zakhwima, nthawi zambiri masiku 30 mpaka 45 duwa litatseguka. Dulani, muyanike pamthunzi podutsa mphepo. Njere zosungira mbewu musaziyanike pa lata kapena pasimenti yotentha. Zikauma moti khoko likuthyoka ndi kaphokoso mukaliluma, ikani m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira kwambiri m'nyumba mwanu, mulembepo tsiku lokolola kuti mudzawerenge miyezi iwiri kapena itatu ya tulo ija. Ngati paketi imene munagula inalembedwa F1, imeneyo ndi haibulidi, ndipo ana ake adzatuluka osiyanasiyana msinkhu, mitu ndi nthawi yochitira maluwa.